Kugula nyumba yachiwiri ku Spain ndi pasipoti ya Britain: zimene zimatsatira mukalandira makiyi

Funso: Ndine namwino, ndakhala ku Leeds zaka zoposa 20 ndipo ndili ndi pasipoti ya Britain. Amuna anga ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, koma amayendabe ndi pasipoti ya Malawi. Tatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo kuzizira kwa kuno kwatitopetsa. Tikuganiza zogula fulati ya zipinda ziwiri kufupi ndi Torrevieja, ku Spain, kuti tizikhalako kuyambira Novembala mpaka Malichi, kenako tiziichititsa lendi kwa alendo m'nyengo yotentha. Ndalama yogulira tili nayo. Kodi pali zina zimene tiyenera kudziwa tisanasaine?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama kwa munthu. Sindikukayika kuti ndalama yogulira muli nayo, koma pa anthu a kuno amene ali ndi nyumba kunja, mtengo wogulira si umene umawasowetsa tulo kawirikawiri. Chimene chimalemera ndi miyezi imene nyumba ili yokhoma eni ake ali ku Britain, pamene mabilu, misonkho, makalata a boma ndi chinyontho zikubwerabe popanda wozilandira. Ndisanafike kumeneko, ndiyambe ndi mbali ya pulani yanu imene singatheke monga mwaikonzera.

Kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi ndi masiku 151. Chichokereni Britain mu European Union, makamaka kuyambira pa 1 Januwale 2021, munthu wa pasipoti ya Britain amaloledwa kukhala m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Spain, amene anthu amayendamo popanda kuonetsa pasipoti pa malire a pakati pawo) masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, ndipo kukhala ndi nyumba ku Spain sikuwonjezera ngakhale tsiku limodzi. Masiku 180 amenewa sayambira pa tsiku limene inu mwasankha. Tsiku lililonse limene muli kumeneko, akuluakulu oona za olowa ndi otuluka amayang'ana m'mbuyo masiku 180 n'kuwerenga amene mwakhala m'deralo, kuphatikizapo tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka. Mayiko a Schengen alipo 29 ndipo amatengedwa ngati dera limodzi, choncho mukapita ku ukwati ku France mu Sepitembala, sabata imeneyo idzachotsedwa pa masiku anu a ku Torrevieja. Kale ena ankadalira kuti wodinda mapasipoti alibe nthawi yowerenga zidindo zonse, koma kuyambira pa 12 Okotobala 2025 mayikowa anayamba kugwiritsa ntchito makina otchedwa EES, amene amajambula nkhope ndi zala za mlendo n'kusunga masiku ake mu kompyuta. Wopitirira masiku akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kuletsedwa kulowanso kwa kanthawi. Kuthawa kuzizira kwanu kudzakhala kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo muyenera kusankha itatu yake.

Nkhani ya bambo ndiyo yofunika kuiganizira msanga. Chilolezo chawo chokhala ku Britain sichiwatsegulira chipata cha Spain. Ndi pasipoti ya Malawi, ayenera kupempha viza ya Schengen kudzera ku ofesi za kazembe wa Spain kuno ku Britain, ndipo vizayo imakhala ndi malire omwewo a masiku 90. Ngati ali ndi maganizo otenga unzika wa Britain, ndingawalangize kuti autenge maulendowa asanayambe, chifukwa mwa zofunika pa pempho la unzika n'chakuti munthu asakhale kunja kwa Britain masiku oposa 90 m'miyezi 12 yomaliza, ndipo nyengo imodzi yokha ya ku Spain ikhoza kumaliza masiku onsewo.

Njira yokhalira nthawi yaitali ilipo, koma ndi ya anthu osamuka, osati ocheza. Viza imene inkaperekedwa kwa ogula nyumba ya €500,000 kapena kuposa inathetsedwa pa 3 Epulo 2025. Imene opuma pantchito ambiri amatenga ndi visado de residencia no lucrativa, imene siilola munthu kugwira ntchito, imafuna inshulansi ya chipatala yolipira nokha, ndiponso umboni wa ndalama, zimene m'chaka cha 2025 zinali €28,800 pa chaka kwa wopempha ndi €7,200 kwa aliyense wa m'banja wotsagana naye. Mukakhala ku Spain masiku oposa 183 pa chaka, dzikolo limakutengani ngati wokhoma msonkho wake pa ndalama zanu zonse, kulikonse kumene zikuchokera, ndipo mukasamuka kwenikweni ufulu wanu wa chithandizo chaulere cha NHS umasintha. Chimenecho ndi chisankho china, chachikulu kuposa chimene mwafunsa.

Pa kugula kwenikweniko, lamulo langa ndi limodzi: pezani loya wanuwanu, amene ku Spain amatchedwa abogado, wosakhudzana ndi wogulitsa kapena ndi kampani imene yakuonetsani nyumbayo. Notario amene mudzasaine pamaso pake ndi mboni ya boma, si wokuimirirani. Nonse awiri mudzafunika nambala ya NIE, imene mlendo aliyense ayenera kukhala nayo kuti agule nyumba kapena kukhoma msonkho. Loya atenge nota simple ku Registro de la Propiedad, kalata imene imaonetsa mwini weniweni ndi ngongole zimene zili pa nyumbayo, chifukwa kumeneko ngongole zina zimatsata nyumba osati munthu, ndipo wogula amazipeza zikumudikira. Afufuzenso ngati nyumbayo inamangidwa ndi chilolezo chovomerezeka. Nkhani imeneyi si yongoopseza: mu 2008 nyumba ya banja lina la ku Britain inagwetsedwa ku Vera, m'chigawo cha Almería, chifukwa cha mkangano wa chilolezo chomangira, ndipo ambiri m'dera lomwelo anakhala zaka m'nyumba zopanda mapepala. Mgwirizano woyamba, contrato de arras, nthawi zambiri umafuna dipoziti ya 10 peresenti, ndipo pa mtundu wofala wa mgwirizanowu, mukasintha maganizo ndalamayo yapita, pamene wogulitsa akasintha maganizo amabweza kawiri. Pamwamba pa mtengo pali msonkho wogulira, umene ku Andalucía ndi 7 peresenti, koma m'chigawo cha Valencia, kumene kuli Torrevieja, m'chaka cha 2025 unali 10 peresenti. Mukaphatikiza loya, notario ndi kulembetsa, pa fulati ya €150,000 konzani €18,000 ina kapena kuposa. Dziwaninso kuti mu Januwale 2025 nduna yaikulu ya Spain, Pedro Sánchez, analengeza maganizo okweza kwambiri msonkho kwa ogula ochokera kunja kwa European Union, choncho loya akuuzeni pamene nkhaniyo yafika pa tsiku limene mukugula.

Mukagula fulati, mumakhala membala wa comunidad de propietarios, bungwe la eni nyumba onse a pamalopo, kaya mukufuna kaya ayi. Bungweli limatolera ndalama mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse zosamalira chikepe, makonde, dimba ndi dziwe losambiramo, ndipo mudzalipira dziwelo chaka chonse ngakhale mumabwera m'miyezi imene madzi ake ndi osakhudzika. Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi derrama, chopereka chapadera chimene msonkhano wa eni nyumba umagwirizana pakafunika kukonza denga kapena kusintha chikepe. Chikhoza kufika masauzande a mayuro pa khomo lililonse, ndipo chimakumangani ngakhale simunapezeke pa msonkhanowo. Msonkhano umachitika kamodzi pa chaka kapena kuposa, m'Chisipanishi kawirikawiri, ndipo lamulo limalola kutuma munthu wokavota m'malo mwanu ndi kalata. Ndimalimbikitsa kwambiri kutero, chifukwa mwini nyumba amene samveka mawu ake ndi amene amamva za ndalama zitagamulidwa kale. Ngongole za mwini wakale ku bungweli, za chaka chogulira ndi zaka zitatu zam'mbuyo, zimagwera nyumbayo, choncho musalole kusaina popanda kalata ya bungwe yotsimikiza kuti palibe chotsala.

Misonkho ya chaka ndi chaka ilipo iwiri ikuluikulu, ndipo wachiwiriwo ndi umene anthu a ku Britain amauiwala. Woyamba ndi IBI, wa khonsolo, umene umawerengedwa pa mtengo umene boma linaika pa nyumbayo, valor catastral, ndipo m'matauni ambiri a m'dera la Alicante, limene ndi mbali ya chigawo cha Valencia, umatoleredwa ndi bungwe la SUMA. Nthawi zambiri pamakhalanso kandalama ka zinyalala. Wachiwiri ndi msonkho wa anthu osakhala m'dzikolo, umene umalipidwa pa fomu ya Modelo 210. Boma la Spain limaona ngati nyumba yanu ikukupatsani phindu ngakhale simunaichititse lendi, ndipo limatenga 1.1 kapena 2 peresenti ya valor catastral ngati phindulo, n'kudulapo 24 peresenti kwa okhala kunja kwa European Union. Ngati valor catastral ndi €60,000, msonkhowo ndi pafupifupi €158 pa mlingo wotsikawo kapena €288 pa wokwerawo. Ndalama yake si yambiri, koma palibe amene adzakutumizirani bilu. Muyenera kudzaza fomuyo nokha pofika pa 31 Disembala chaka chotsatira, ndipo ngati nyumba ili m'maina a anthu awiri, aliyense amadzaza yake. Ambiri amalipira gestor, munthu woyendetsa mapepala a boma, kuti aziwachitira zimenezi, ndipo ndalama imeneyo siitayika.

Tsegulani akaunti ku banki ya ku Spain ndipo mabilu onse azidulidwa okha kumeneko, koma muziiyang'ana mwezi uliwonse. Ndalama ikaperewera, msonkho wochedwa umawonjezedwa chindapusa chimene chikhoza kufika 20 peresenti, makalata okuchenjezani amapita ku bokosi la pakhomo la ku Torrevieja kumene kulibe wowatsegula, ndipo mapeto ake boma likhoza kutenga ndalamayo mu akaunti yanu mwachindunji. Magetsi nawo ali ndi gawo limene mumalipira ngakhale simunayatse babu, malinga ndi mphamvu imene munalembetsa, potencia contratada, choncho musasunge mphamvu yaikulu imene mwini wakale ankafuna ngati inu simukuifuna.

Tsopano ganizirani tsiku limene mukutsegula chitseko patapita miyezi isanu ndi umodzi. Choyamba kukulandirani ndi fungo, chifukwa madzi amene amakhala m'khosi la paipi ya sinki ndi ya bafa auma ndi kutentha kwa Ogasiti, ndipo mpweya wa m'ngalande walowa m'nyumba, mphemvu n'kutsatira njira yomweyo. Mukatsegula kabati ya zovala mupeza nkhungu yobiriwira pa nsapato ndi pa malamba, ndipo khoma la kuseri kwa bedi lada. Mphepo ya m'nyanja ili ndi mchere, ndipo imadyetsa dzimbiri maloko, zitsulo za pakhonde ndi makina oziziritsa m'nyumba. Choopsa koposa ndi paipi yodontha, chifukwa madziwo amatsikira kwa wa pansi panu, ndipo mumamva nkhaniyo denga lake litagwa. Zonsezi zimapewedwa ndi zinthu zazing'ono: kutseka mpope waukulu wa madzi pochoka, kuchotsa chakudya chonse, kusiya makabati otsegula, ndipo koposa zonse kukhala ndi munthu wosunga makiyi amene amalowa kawiri pa mwezi kudzatsegula mawindo, kutsegula mipope pang'ono, kugwejemula chimbudzi ndi kukujambulirani makalata pa foni. Kwathu ku Malawi, munthu akamanga nyumba ali kunja amaikamo mphwake kapena mlamu wake, ndipo ngakhale pamakhala mavuto ake, pakhomo pamakhala posesa ndipo denga likadontha uthenga umafika tsiku lomwelo. Ku Torrevieja mulibe mbale wotere, ndipo diso limenelo muyenera kuligula ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Ikani ndalama imeneyi mu bajeti musanagule, ndipo mugwirizane naye polemba zimene azichita ndi kangati.

Pa inshulansi, funso loyamba kwa kampani likhale lakuti imalola nyumba kukhala yopanda munthu masiku angati, chifukwa mapangano ena amachepetsa chitetezo nthawi imeneyo ikapitirira. Auzeni poyera kuti ndi nyumba yachiwiri. Madzi osefukira musawatenge mopepuka. Mu Sepitembala 2019 mtsinje wa Segura unasefukira ku Orihuela ndi madera a Vega Baja, dera lomwelo la Torrevieja, ndipo pa 29 Okotobala 2024 mvula yamkuntho inapha anthu oposa 220 m'chigawo cha Valencia. Ku Spain ngozi zikuluzikulu zotere zimalipidwa ndi bungwe la boma la Consorcio de Compensación de Seguros, koma limalipira okhawo amene anali ndi inshulansi yolipidwa pa nthawiyo. Musanakonde fulati ya pansi chifukwa cha mawondo, funsani kumene madzi amadutsa mvula ikachuluka, ndipo mukaone galaja ya pansi pa nyumbayo ngati makoma ake alibe mzere wa matope. Za anthu olowa m'nyumba za eni popanda chilolezo, amene kumeneko amawatcha okupas, mudzamva zambiri. Vutoli limagwera kwambiri nyumba zosiyidwa kwa nthawi yaitali, ndipo alamu yolumikizidwa ku kampani ya chitetezo, pamodzi ndi wosunga makiyi uja, imathandiza kuti apolisi adziwe msanga, pamene kuwatulutsa kusanavute.

Ndifike pa lendi, imene mukuyembekeza kuti izilipira zonsezi. Kuchititsa lendi kwa alendo a masiku ochepa kumafuna chilolezo cha boma la chigawo, ndipo m'chigawo cha Valencia khonsolo iyenera kuyamba yavomereza kuti malowo ndi oyenera. Kuyambira pa 3 Epulo 2025 pamafunikanso chilolezo cha bungwe la eni nyumba lija, ndi mavoti atatu pa asanu alionse, ndipo mabungwe ambiri safuna alendo osinthasintha pa makwerero awo. Mphepo ya ndale ku Spain ikuwombera kotsutsana ndi lendi yotereyi chifukwa nzika zikusowa nyumba, moti mzinda wa Barcelona unalengeza kuti zilolezo zake zonse za mtunduwu zidzatha mu 2028. Wogulitsa akakuuzani kuti nyumbayo ili kale ndi chilolezo, loya atsimikize ngati chidzapitirire umwini ukasintha. Mlendo aliyense ayenera kulembetsedwa ku boma, zofunda ziyenera kuchapidwa ndi nyumba kukolopedwa pakati pa alendo, ndipo wina ayenera kudzuka usiku gizala ikafa. Kampani yochita zimenezi imatenga gawo lake pa lendi. Kenako pali msonkho wa 24 peresenti, umene monga lamulo lilembedwera umawerengedwa pa lendi yonse kwa okhala kunja kwa European Union, osachotsa zimene mwawononga, pamene wokhala ku Germany amalipira 19 peresenti atachotsa zowononga zake. Kusiyana kumeneku kwafika kale m'makhoti a ku Spain, choncho funsani gestor wanu chaka chilichonse. Malangizo anga ndi akuti muwerengere ngati lendi kulibe. Ngati penshoni yanu ingathe kunyamula nyumbayo yokha, lendi ikadzabwera idzakhala yowonjezera, koma ngati singathe, nyumbayo ndi yaikulu kuposa thumba lanu.

Ku Britain nako nyumbayi ili ndi mawu. Lendi ya ku Spain muyenera kuilemba pa fomu ya msonkho ya Self Assessment ya HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, ndipo pangano la misonkho la mayiko awiriwa limalola kuti zimene mwalipira ku Spain zichotsedwe pa zimene mukanalipira kuno. Chaka cha msonkho cha kuno chimayamba pa 6 Epulo pamene cha ku Spain chimayamba pa 1 Januwale, choncho sungani malisiti ndi masiku ake. Ngati ku Leeds mukukhala nyumba ya lendi ndipo mukufuna kudzagula yanu m'tsogolo, fulati ya ku Spain idzawerengedwa ngati nyumba imene muli nayo kale, ndipo mudzalipira 5 peresenti yowonjezera pa msonkho wogulira nyumba wa kuno, wotchedwa Stamp Duty. Lamuloli limawerenga nyumba ya kulikonse pa dziko imene mtengo wake ndi £40,000 kapena kuposa, ngakhale ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kumbukiraninso kuti penshoni yanu idzabwera m'mapaundi pamene mabilu ali m'mayuro. Mu 2007 paundi imodzi inkagula pafupifupi yuro imodzi ndi theka, koma pofika kumapeto kwa 2008 ndalama ziwirizi zinatsala pang'ono kufanana, ndipo opuma pantchito ambiri a ku Britain okhala ku Spain anavutika kwambiri nthawi imeneyo.

Za chipatala mukuzidziwa kuposa ine. Khadi la GHIC limakupatsani chithandizo chofunika m'zipatala za boma mukakhala mlendo, koma sililipira chipatala cholipitsa kapena ndege yobwezera wodwala kapena maliro ku Britain, choncho inshulansi ya paulendo imene imakwana masiku onse 90 ndiyofunika, ndipo matenda amene muli nawo kale muwatchule.

Lembani wilo ya ku Spain tsiku lomwelo limene mukusaina mapepala a nyumba, pamaso pa notario yemweyo, yokhudza chuma cha ku Spain chokha, ndipo ilembedwe mosamala kuti isafafanize wilo yanu ya kuno. Malamulo a Spain amasungira ana magawo awiri mwa atatu a chuma chamasiye, koma lamulo la European Union limene linayamba kugwira ntchito pa 17 Ogasiti 2015 limalola mlendo kusankha mu wilo yake kuti patsatidwe malamulo a dziko la unzika wake. Inu mungasankhe a England, pamene bambo, malinga ngati unzika wawo ndi wa Malawi wokha, chisankho chawo ndi malamulo a Malawi, ndipo apa mpofunika loya wodziwa mbali zonse. Olowa chuma amapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yolongosola msonkho wa chuma chamasiye ku Spain, ndipo ana amene sadziwa chinenerocho, alibe NIE ndiponso sadziwa kumene kuli mapepala, miyezi imeneyo imawathera ali pa maliro. Ikani escritura (chikalata cha umwini wa nyumba), malisiti a IBI, mafomu a Modelo 210 ndi nambala ya loya mu fayilo imodzi imene ana anu akuidziwa. Mukadzafuna kugulitsa, wogula amakakamizidwa kusunga 3 peresenti ya mtengo n'kuipereka ku boma m'dzina lanu, phindu limadulidwa 19 peresenti, ndipo khonsolo imatenga msonkho wake wotchedwa plusvalía. Ngati munkadumpha Modelo 210, kubwezeredwa kwa 3 peresenti ija kukhoza kuvuta.

Chaka chino musagule. Chitani lendi m'dera lomwelo kuyambira Januwale mpaka Malichi, makamaka pa mdadada umene mukuufuna. Nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja zinamangidwira nyengo yotentha, pansi pake ndi matailosi ndipo zilibe zotenthetsera monga za ku Leeds, choncho usiku wa Januwale umazizira m'nyumba kuposa mmene dzuwa la masana limalonjezera. Mudzaona masitolo amene amatseka alendo akachoka, mtunda wopita ku chipatala ndi ku bwalo la ndege la Alicante, ndiponso oyandikana nawo amene amakhalapo chaka chonse, amene mmodzi mwa iwo akhoza kudzasunga makiyi anu. Mukapeza fulati yokusangalatsani, pemphani malipoti a misonkhano ya bungwe la eni nyumba a zaka zitatu zapitazi ndipo loya akuwerengereni, chifukwa mmenemo ndi mmene mumalembedwa za denga lodontha, za amene sakulipira, za derrama imene ikubwera, ndiponso ngati eni nyumba anavota kale zoletsa lendi ya alendo.